Za Maliro Zilipo, za Amoyo Dikirani

Musandiuze kuti ndalama palibe. Bodza limenelo kanamizeni nalo ana. Mu 2018 boma la Canada linagula paipi ya mafuta ya Trans Mountain pa mtengo wa madola 4.5 biliyoni. Ntchito yoikuza itayamba, mtengo unkakwera chaka ndi chaka mpaka kufika madola pafupifupi 34 biliyoni. Kodi ntchitoyo inalekeka? Ayi. Paipi inatha, mu 2024 anaitsegula, lero mafuta akutsetserekera kunyanja ya Pacific usana ndi usiku. Ndalama zinapezeka chifukwa akuluakulu anafuna kuti zipezeke.

Tsono tchulani za nyumba yoti mayi womenyedwa athawireko pakati pa usiku. Tchulani za basi yoti mtsikana wakumudzi akwere m'malo moimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa. Pomwepo nkhope zimagwa, magalasi amatsikira pamphuno, ndipo mumamva mawu aja tonse tinawatopa nawo: tikuunikabe, tikukambirana ndi onse okhudzidwa, zinthu zotere sizifuna phuma.

Ndikunena za amayi ndi atsikana a eni nthaka a ku Canada, a First Nations, a Inuit ndi a Métis, anthu amene azungu anawapeza ali kale m'dzikomo. Kalembera wa 2021 anawapeza okwana 1.8 miliyoni, 5 peresenti ya anthu onse. Pa kalembera ndi ochepa, kumanda ndiye ochuluka. Mu 2014 apolisi a RCMP anavomera okha kuti pakati pa 1980 ndi 2012 amayi ndi atsikana 1,181 a eni nthaka anaphedwa kapena kusowa: 1,017 ophedwa, 164 osadziwika kumene ali. Nthambi ya boma ya Statistics Canada inapeza kuti kuyambira 2009 mpaka 2021 anaphedwa 490, ndipo kuti mayi wa eni nthaka ali pa chiopsezo chophedwa kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi mayi wina aliyense wa m'dzikomo. Manambala amenewa sanaphikidwe ndi anthu onyamula zikwangwani pamsewu. Mwini wake ndi boma lomwelo.

Ndikukuonani bwana wanga, mwakweza kale dzanja. Mukuti: "Koma iwe, usalankhule ngati boma langokhala manja lende. Suja mu November 2020 nduna ya zachuma, a Chrystia Freeland, analengeza madola 724.1 miliyoni olimbana ndi nkhanzazi, omangira nyumba zothawirako 38 ndi zina 50 zoti amayi azikhalamo poyembekezera kupeza pawopawo? Suja bajeti ya 2021 inaikanso madola 2.2 biliyoni pa zaka zisanu?"

Eya, analengeza. Kulengeza ndiye amakutha, pamenepo sindingawachotsere. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mu 2023, zitadutsa zaka ziwiri zathunthu, phungu wa dera la Winnipeg Centre, mayi Leah Gazan, anali akudandaulabe kuti pa madola 724.1 miliyoni aja, amene anali atagwiritsidwa ntchito anali 5 peresenti yokha. Pa madola 100 alionse amene anthu anawaombera m'manja, 95 anali phee m'kabati ku Ottawa. Nanga mayi amene wathyoledwa nthiti usiku wa Loweruka akagone kuti? M'chikalata chopita kwa atolankhani?

Ndipo musaganize kuti nyumbazi zinali zongowonjezera pa zambiri zimene zilipo kale. Mu 2020 boma linkathandiza nyumba zothawirako 46 zokha za anthu a First Nations, pomwe midzi yawo ndi yoposa 600. Bungwe la amayi a mtundu wa Inuit la Pauktuutit linkafuula mpaka kusasa mawu kuti pa midzi 51 ya a Inuit, yoposa 70 peresenti inalibe malo othawirako ngakhale amodzi. Taganizani za mayi wa ku Nunavut, chigawo chimene midzi yake 25 ilibe msewu woilumikiza ndi unzake kapena ndi dziko lonse. Kunja kuli chisanu choti munthu akagona panja sadzukanso. M'nyumba mwadzaza: agogo, azilamu, ana, ndi bambo amene wangomumenyayo. Kwa aneba nakonso n'kodzaza, mwinanso anebawo ndi abale a bambo yemweyo. Njira yotulukira m'mudzimo ndi imodzi yokha, ndege, ndipo mtengo wa tikiti ndi woti mayi wosagwira ntchito sangaulote n'komwe. Ndiye wina atakhala pa mpando wofewa mu ofesi yofunda azifunsa kuti, bwanji osangomusiya mwamunayo? Amusiye alowere kuti? Pa madzi oundana?

Mukuti tidekhe, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chabwino. Tiyeni tiwerenge zaka zimene anthuwa adekha.

Mu November 1971, m'tauni ya The Pas ku Manitoba, anyamata anayi achizungu anagwira mtsikana wa zaka 19, Helen Betty Osborne, n'kumukokera m'galimoto. Mtembo wake unapezeka kunja kwa tauni uli ndi mabala oposa 50. Mtsikanayu anali atachoka kwawo ku Norway House chifukwa kunalibe sukulu yoti apitirize maphunziro, ndipo ankafuna kudzakhala mphunzitsi. Imvani bwino pamenepo: sukulu ikanakhalapo kwawo, sakanapezeka m'tauni ya eni ake usiku umenewo. Anthu ambiri m'tauniyo ankadziwa amene anachita, koma pakamwa panali potseka. Panatha zaka 16 kuti mmodzi yekha mwa anayiwo apezeke wolakwa. Mu 1991 komishoni ya ku Manitoba inalemba lipoti lonena poyera kuti nkhani yonseyi inadzala ndi tsankho, kunyoza akazi ndi kusalabadira. Mu 2004 a Amnesty International analemba lawo. Mu 2012 a Wally Oppal analemba lina, lofotokoza mmene apolisi anagonera tulo pamene Robert Pickton ankatenga amayi osauka a mu Vancouver n'kukawaphera pa famu yake ya nkhumba. Mu 2015 komishoni ya Truth and Reconciliation inapempha kafukufuku wa dziko lonse. Kafukufukuyo anachitika kuyambira 2016, motsogozedwa ndi mayi Marion Buller. Anthu oposa 2,380 anabwera, ambiri a iwo kudzatsegulanso mabala amene anali atayamba kuuma, ndipo pa 3 June 2019 panatuluka lipoti lokhala ndi mfundo 231. Lipotilo silinapsatire mawu: linati zimene zikuchitikazi n'kupulula mtundu. Nduna yaikulu ya nthawiyo, a Justin Trudeau, anavomera.

Munthu ukavomera kuti m'nyumba mwako mukupululidwa mtundu, umatani? Umaitanitsa msonkhano wina? Mu June 2023 atolankhani a CBC anawerenga mfundo 231 zija imodziimodzi n'kupeza kuti zimene zinakwaniritsidwa ndi ziwiri. Ziwiri! Zoposa theka zinali zisanayambidwe n'komwe. Ndionetsetse anathetsa nkhosa, ndipo kuno fisi wake wakhala akuonetsetsedwa kwa zaka zoposa 50.

Dongosolo la dziko lonse lokwaniritsira mfundozo linachedwa, n'kudzatuluka mu June 2021, ndipo chifukwa chimene anapereka chinali Covid-19. Covid yemweyo amene anachititsa boma lomweli kuyamba kutumiza madola 2,000 pamwezi kwa anthu mamiliyoni m'masabata owerengeka chabe mu 2020. Pamenepo palibe anati tiyambe taunika. Ndalama zinayenda ngati madzi a m'ngalande, ndipo anachita bwino. Ndiye musatiuze kuti makina a boma ndi olemera mwachibadwa. Amathamanga akaona kuti amene ali pangozi ndi anthu. Funso limene likukuvutani kuyankha ndi lakuti, kodi amayi awa mumawaona ngati ndani?

Ngati mukufuna kuona mtengo wa chidodo ndi maso anu, pitani pa msewu wa Highway 16 kumpoto kwa British Columbia, pakati pa Prince George ndi Prince Rupert. Ndi mtunda wa makilomita oposa 700, nkhalango uku ndi uku, midzi ili patalipatali. Anthu anautcha Highway of Tears, ndipo misoziyo ndi yeniyeni. Kwa zaka zambirimbiri, mtsikana wa m'mudzi wa m'mbali mwa msewuwu akafuna kukaonana ndi dokotala, kukagula zinthu, kukaonekera kukhoti kapena kukaona azakhali ake, galimoto analibe, basi yodalirika ya mtengo woti angaukwanitse kunalibe. Ankaima m'mbali mwa tala n'kukweza chala, kupempha lifiti. Ena ankafika. Ena amayi awo akudikirabe mpaka lero. Gulu la apolisi la E-PANA lili ndi milandu 18 ya m'misewu ya m'deralo, koma eni mudzi amati chiwerengero chenicheni chimaposa 40.

Mu 2006 mabanja ofedwa ndi atsogoleri a m'deralo anasonkhana ku Prince George n'kulemba mfundo 33. Yoyamba penipeni sinali ya ndege, sinali ya njanji. Basi. Anapemphanso mafoni a pangozi m'mbali mwa msewu, poti m'malo ambiri netiweki kunalibe. M'mbali mwa msewumo munaima zikwangwani zochenjeza atsikana kuti asamapemphe lifiti chifukwa pamsewupo pali chigawenga. Chenjezo labwino ndithu. Koma wopanda galimoto ayende bwanji makilomita 100? Aziuluka? Basi yoyamba ya boma yolumikiza midzi ya m'mbali mwa msewuwo inayamba kuyenda mu January 2017, patatha zaka pafupifupi 11. Chaka chotsatira kampani ya Greyhound, imene inkayendetsa mabasi a maulendo ataliatali, inanyamula katundu wake n'kuchoka kumadzulo konse kwa Canada poti sinkapindula, ndipo boma la chigawocho linachita kuthamangira kutseka dzenjelo ndi mabasi ake. Ndalama zomangira nsanja 12 za netiweki pa makilomita 252 amene foni sinkagwira zinalengezedwa mu 2021, patatha zaka 15. Mwana amene anabadwa chaka cha msonkhano uja anali atafika kale msinkhu woima yekha m'mbali mwa msewu womwewo.

Tsono pali anzathu ena, anthu a mtima wachitsulo, amene amati zonsezi n'zongotaya nthawi. Nkhani ndi ya upandu, amatero, apolisi agwire zigawenga, nkhani yatha. A Stephen Harper ali nduna yaikulu ananena zofanana ndi zimenezi mu August 2014, kuti nkhaniyi isaonedwe ngati vuto la kakhalidwe ka dziko koma ngati milandu. Kumapeto kwa chaka chomwecho anauza mtolankhani kuti kafukufuku wa dziko lonse sanali pamwamba pa zinthu zimene boma lawo linkaziganizira. Mawu oyambawo anawalankhula patangopita masiku ochepa mtembo wa Tina Fontaine utavuulidwa mumtsinje wa Red River ku Winnipeg, utakulungidwa m'chofunda chimene anaikamo miyala.

Tina anali ndi zaka 15, wochokera ku Sagkeeng First Nation. Bambo ake anaphedwa mochita kumenyedwa mu 2011, ndipo lipoti la ofesi yoteteza ana ku Manitoba linapeza kuti mwanayu sanalandire uphungu umene ankafunikira. Pa tsiku limodzi lomwelo la 8 August 2014, mwana amene anali atalembedwa kale kuti wasowa anadutsa m'manja mwa apolisi amene anaimitsa galimoto imene anakwera n'kumusiya apite, anadutsa m'manja mwa achipatala, anadutsa m'manja mwa ogwira ntchito yosamalira ana, amene anakamusiya ku hotela pakati pa mzinda. Manja onsewo, palibe dzanja limene linamugwira. Munthu amene anaimbidwa mlandu womupha khoti linamumasula mu 2018. Ndiye inu a zaupandu, tandiuzeni: chigawenga mwachigwira? Ndipo mukanachigwira, Tina akanadzuka? Wapolisi amabwera magazi atatayika kale. Phungu wolimbitsa mtima mwana wamasiye, bedi la pamalo otetezeka m'malo mwa chipinda cha hotela, munthu wamkulu wolipidwa kuti akhale maso usiku wonse, amenewa ndiwo amafika magazi asanatayike, ndipo amenewa ndiwo mumawadula poyamba bajeti ikathina.

Pambuyo pa imfa ya Tina, abale a anthu osowa anayambitsa gulu la Drag the Red. Amakwera timaboti, n'kuponya zitsulo zokhala ndi mbedza pansi pa mtsinje, kukoka, kuvuula, kuyang'anitsitsa ngati chimene chakodwacho ndi nsanza, tsitsi kapena fupa. Anthu wamba, ongodzipereka, m'dziko la m'gulu la G7.

Ndikudziwa mpeni umene mwabisa kumsana, tulutsani. Mukuti: "Komatu amaphana okhaokha. Amene amawapha ndi amuna awo omwe." Sindithawa pamenepo. Kafukufuku yemwe uja wa Statistics Canada anapezadi kuti ambiri mwa amayiwa anaphedwa ndi anthu owadziwa, ndipo ambiri mwa oimbidwa milandu anali eni nthaka anzawo. Ndiye mwapambana chiyani? Kodi mayi wophedwa ndi mwamuna wake amafa pang'ono? Padziko lonse akazi ambiri amaphedwa ndi amuna owadziwa, koma sindinamvepo wina akunena kuti nyumba zothawirako za ku Toronto zitsekedwe poti azungu akumenyana okhaokha. Ngati ngozi ili m'nyumba, ndiye kuti chitseko chothawirako chiyenera kukhala m'mudzi momwemo, ndipo amuna ndi anyamata nawonso akufunika malo owongolerako moyo. Mfundo yanuyo ikupempha ndalama zambiri, osati zochepa. Ndiponso musaiwale msanga: amene anapha Helen Betty Osborne sanali amuna a mtundu wake. Pickton sanali wa mtundu wawo.

Komanso nkhanza za m'nyumbazo zinagwa kumwamba ngati matalala? Ana pafupifupi 150,000 anachotsedwa kwa makolo awo n'kukatsekeredwa m'sukulu zogonera komweko zoyendetsedwa ndi mipingo ndi ndalama za boma, kumene ankamenyedwa akalankhula chinenero chawo, ndipo ambiri anagwiriridwa. Zomaliza mwa sukuluzi zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, dzulodzuloli. Mwana amene wakula osaona mmene bambo amanyamulira khanda, mukuyembekeza kuti ubambo akauphunzira kuti? Lamulo la Indian Act la mu 1876 linkati mkazi akakwatiwa ndi mwamuna wosalembedwa ngati mwini nthaka, wataya umwini wake ndi ufulu wokhala m'mudzi mwa makolo ake, ndipo zimenezi zinasintha mu 1985. Boma linathyola mabanja ndi manja ake, mwadala, ndi bajeti yake yosachedwa. Lero likauzidwa kuti lilipire zomangira, likuti nkhani za m'banja sililowerera. Mlandu suola, bwana.

Chotsala m'thumba mwanu n'chija chakuti ndalama zikapita kwa eni nthaka zidzasokonekera, choncho ziyenera kutuluka pang'onopang'ono, pulojekiti ndi pulojekiti, pulopozo ndi pulopozo. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mu 2005 bungwe la Native Women's Association of Canada linapatsidwa madola 5 miliyoni a zaka zisanu pa ntchito yotchedwa Sisters in Spirit. Ndi kandalama kameneko amayiwa anachita chimene apolisi a dziko lonse anali asanachite: analemba mayina 582 a ophedwa ndi osowa, mmodzimmodzi. Mphoto yawo? Mu 2010 boma la a Harper silinawonjezerenso ndalamazo. Anagwira ntchito bwino kwambiri mwakuti inayamba kuchititsa manyazi.

Ife a kuno pulojekiti timaidziwa, ndipo Canada timaidziwanso, chifukwa kuyambira 2017 inalengeza kuti thandizo lake lopita kumayiko akunja lizitsogoza ufulu wa amayi. Timaidziwa galimoto yoyera, matisheti, zaka zitatu, kenako chikwangwani chochita dzimbiri. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: Canada yemweyo, mphunzitsi wa za jenda, kwawo akuyendetsa chitetezo cha amayi a eni nthaka ngati pulojekiti. Ndipo musandifunse kuti nanga kwanu bwanji. Kwathu nkhanza zilipo, za manyazi, ndipo tsiku lake lozikamba silisowa. Koma kwathu sitinagulepo paipi ya madola 34 biliyoni.

Nkhanza sizitha pa 31 March pamene chaka cha boma cha zachuma chikutha. Mayi woyendetsa nyumba yothawirako amene ndalama zake ndi za chaka chimodzi amatha miyezi akulemba mapulopozo m'malo mokhala ndi anthu amene abwera akulira. Sangalonjeze wantchito wake waluso kuti chaka chamawa malipiro alipo, ndiye wantchitoyo amapita kwina. Kodi polisi ya ku Ottawa imalemba pulopozo chaka chilichonse kuti ipitirize kukhalapo? Ozimitsa moto amapikisana ndi anzawo a tauni ina kuti apatsidwe ndalama za madzi? N'chifukwa chake lipoti la 2019 linanena mosapita m'mbali kuti mabungwe a amayi a eni nthaka apatsidwe ndalama zokhazikika, osati za mapulojekiti, kuti nyumba zothawirako zikhale zoyendetsedwa ndi eni ake ndi ndalama za nthawi yaitali, ndiponso kuti kumidzi kukhale mayendedwe otetezeka ndi otsika mtengo. Palibe chanzeru zakuya pamenepa. Agogo aliyense wosapita kusukulu akanakuuzani zomwezo kwaulere.

M'mudzi uliwonse mumakhala munthu uja amene mukamupempha njinga kuti mupititse wodwala kuchipatala amati matayala ndi akutha. Wodwalayo akamwalira, yemweyo ndiye amayamba kufika ndi matabwa a bokosi, n'kupemphanso mpata woti alankhulepo pamaliro. Ku Winnipeg zinafika poipa kuposa apo, chifukwa ngakhale matabwawo anayamba awakana.

Mu 2022 Jeremy Skibicki anapha amayi anayi a eni nthaka: Rebecca Contois, Morgan Harris, Marcedes Myran ndi Ashlee Shingoose. Ankawasaka pa malo othandizirapo anthu osowa pokhala, podziwa kuti mayi wopanda chitseko chakechake chokhoma amavomera kupita kulikonse kumene kuli denga ndi chakudya. Akawapha ankawataya m'mabini a zinyalala. Apolisi anakhulupirira kuti matupi a Morgan Harris ndi Marcedes Myran, onse a ku Long Plain First Nation, ali ku dzala lalikulu la Prairie Green kumpoto kwa mzindawo, koma mu December 2022 anauza mabanja kuti kukasaka n'kosatheka. Kafukufuku anati n'zotheka, koma zingatenge mpaka zaka zitatu ndi madola ofika 184 miliyoni. Boma la chigawo cha Manitoba la a Heather Stefanson linakana, likuti likuopera moyo wa osakawo. Kukanako sikunawakwanire. Pa kampeni ya chisankho cha 2023 chipani chawo chinalipira ndalama kulengeza m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani kuti chaima nji, sichikakumba. Taimani kaye pamenepo. Anthu ophunzira anakhala pansi mozungulira tebulo n'kugwirizana kuti kusiya amayi awiri m'zinyalala ndi mfundo yokopera mavoti. Ana a malemuwo ankadutsa pansi pa zikwangwani zimenezo. Abale anamanga misasa, wina pa chipata cha dzala lina la zinyalala la Brady Road, wina pafupi ndi nyumba yosungiramo mbiri ya ufulu wa anthu ya Canadian Museum for Human Rights. Kaya amene ali m'kati mwa nyumbayo ankasuzumira pawindo, kaya.

Anthu a ku Manitoba anawakana pa chisankho. A Wab Kinew, munthu woyamba wa First Nations kutsogolera chigawo ku Canada, analowa m'boma mu October 2023. Mu March 2024 boma la chigawo ndi la Ottawa anaika madola 20 miliyoni aliyense. Kusaka kunayamba pa 2 December 2024, anthu atavala zodzitetezera akupalasa zinyalala zowola m'nyengo yachisanu. Pa 26 February 2025, miyezi itatu isanakwane, anapeza ziwalo za anthu, ndipo mu March zinatsimikizika kuti ndi za Morgan Harris ndi Marcedes Myran. Zosatheka zija. Zaka zitatu zija. Chipani chija chinapepesa m'Nyumba ya Malamulo ya chigawocho, mochedwa ngati mvula ya mu April.

Kusakako kunali koyenera, ndipo amene angatsutse zimenezo ayambe waganiza mayi ake ali pansi pa zinyalala za mzinda wonse. Koma inu okonda masamu, tawerengani: madola 40 miliyoni akanalipira lendi ya zipinda zingati zokhala ndi loko? Akanasunga malo angati otsegula usiku wonse, a amayi okhaokha, kumene munthu ngati Skibicki sakanaponda? Kuumira kumene mumakutcha kusamala chuma cha boma ndiko kumadya ndalama zambiri. Umboni wina ulipo. Mu 2007 mayi Cindy Blackstock ndi bungwe lawo, pamodzi ndi Assembly of First Nations, anakasuma kuti boma limapereka ndalama zochepa zosamalira ana a m'midzi ya First Nations. Boma linalimbana nawo kwa zaka, kulipira maloya. Mu January 2016 bwalo loona za ufulu wa anthu linagamula kuti limenelo linali tsankho, ndipo mu 2023 khoti linavomereza chipukuta misozi cha madola oposa 23 biliyoni. Komabe, ana a eni nthaka anali 7.7 peresenti ya ana a m'dzikolo, koma anali 53.8 peresenti ya ana olereredwa m'manja mwa boma, malinga ndi kalembera wa 2021. Mzere umene Tina Fontaine anaimapo sunafupike.

Pa 5 May chaka chilichonse madiresi ofiira amapachikidwa m'mitengo ndi m'mipanda, mwambo umene unachokera ku ntchito ya mmisiri wa zaluso wa mtundu wa Métis, Jaime Black. Andale amavala kofiira, amajambulitsa, amaika pa Facebook. Mu May 2023 Nyumba ya Malamulo yonse, popanda wotsutsa ngakhale mmodzi, inavomereza kuti imfa ndi kusowa kwa amayiwa ndi ngozi yogwera dziko lonse, ndipo inapempha njira yochenjezera anthu pa mafoni mayi akangosowa, yotchedwa Red Dress Alert. Bajeti ya 2024 inayankha ndi madola 1.3 miliyoni pa zaka zitatu. Ngozi ya dziko lonse, ndalama zake zosakwana mtengo wa nyumba imodzi yabwino mu Vancouver.

Chaka chilichonse kumayambiriro kwa June boma limatulutsa lipoti losonyeza pamene lafika. Likubweralo lisatiuze za misonkhano imene yachitika, kapena ndalama zimene akuti zapatulidwa. Litchule mudzi ndi mudzi: kuno nyumba yatsegulidwa, ili ndi mabedi angati, ogwira ntchito usiku alipo angati, malipiro awo ndi otsimikizika mpaka chaka chiti, basi imadutsa masiku ati. Pamene palibe chimene chachitika, alembe dzina la mudziwo, ndipo pambali pake alembe dzina la nduna imene inasaina kuti udikire.